Asanagwire pensulo, ayambe akhala pakhonde: malangizo a situdiyo ya mapulani a nyumba ku Nkhotakota

Wophunzira wa chaka chachitatu pa kosi yojambula mapulani a nyumba amadziwa kuwerengera kulemera komwe lintala ingasenze, amadziwa kupendekeka koyenera kwa denga la malata, ndipo pa kompyuta akhoza kukutulutsirani nyumba yooneka yoti anthu alowamo kale. Koma tam'funsani chifukwa chomwe banja lopatsidwa malo kumtunda limabwerera kukamanganso ya zidina kugombe komwe madzi analithamangitsa. Ambiri ayankha kuti anthuwo ndi osamva. Woyankha choncho akadzamaliza sukulu adzajambula nyumba zolimba bwino zomwe eni ake adzasungiramo chimanga ndi njinga, iwo n'kumagona kwina.

Pali nthambi ya maphunziro yotchedwa environmental psychology, yofufuza momwe malo amakhudzira maganizo ndi khalidwe la munthu, komanso momwe munthu amadziphatikira pa malo mpaka kuwayesa mbali ya moyo wake. Malangizo awa ndalembera aphunzitsi a zojambula mapulani, kaya ku MUBAS ku Blantyre, yomwe kale inali Polytechnic, kaya m'makoleji a ntchito zamanja monga Salima Technical College. Mfundo yanga ndi imodzi: nkhaniyi isakhale kaphunziro kapadera ka Lachisanu masana koloweza maina a akatswiri akunja. Ilowe mu situdiyo, pa tebulo pomwe pulani imajambulidwa, ndipo ikhale ndi malikisi ake.

1. Sankhani ntchito yokhala ndi eni ake

Situdiyo zambiri zimayamba ndi pepala lakuti jambulani laibulale pa puloti ya mamita akutiakuti. Puloti yotero ilibe agogo, ilibe mbuzi, ilibe manda. Pezani malo enieni okhala ndi anthu omwe ali ndi choti angataye.

Ku Nkhotakota ntchito yotero ilipo kale. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Dwangwa, m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda, anthu ambiri n'kukakhala m'makampu. Chaka chomwecho nyanja inadzaza mpaka kulowa m'makomo ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Zotere zikachitika, nkhani yosamutsira anthu kumtunda imabuka nthawi yomweyo. Ndiye ntchito ya semesita ikhale iyi: mabanja 20 mpaka 30 a mudzi umodzi wa kugombe akuyenera kusamuka, jambulani kamangidwe ka mudzi watsopano wonse, ndi khomo limodzi mwatsatanetsatane. Amene muli ku Salima mukhoza kuchita zomwezo cha ku Senga Bay kapena ku Chipoka.

Ulendo wa kumudzi muuike mu Okutobala ngati mukufuna kuti ophunzira alawe kutentha kwa kunyanja, kapena mu Juni ndi Julayi kuti akumane ndi mwera. Masabata atatu oyambirira pasapezeke wojambula nyumba yatsopano. Ena adandaula kuti nthawi ikutha. Alekeni adandaule.

2. Aliyense ayambe ndi kwawo

Tsiku loyamba, musanatchule dzina la katswiri aliyense, gawani mapepala aakulu. Aliyense ajambule kuchokera m'mutu, popanda rula, khomo lomwe ankakhala ali ndi zaka 10. Kenako aikepo zizindikiro: pomwe ankadyera nsima, pomwe ankabisala akalakwa, pomwe ankaopa kudutsa usiku, pomwe amayi ake ankakhala dzuwa likapendeka, pomwe mlendo ankafikira akanena odi. Clare Cooper Marcus ankapatsa ophunzira ake ntchito yofanana ndi imeneyi pa yunivesite ya ku Berkeley ku America, kuti aone kuti zomwe amazitcha nyumba yabwino nthawi zambiri zimachokera ku ubwana wawo.

Mapepalawo apachikeni pakhoma, kalasi yonse iwerenge zizindikiro zomwe zagwera m'kati mwa makoma ndi zomwe zagwera panja. Kupatula ochepa okulira m'nyumba za mpanda wa njerwa m'tauni, ambiri apeza kuti moyo wawo unali pakhonde, kuseri kwa nkhokwe, pansi pa mtengo wa mango. Afunseni tsono chifukwa chomwe mapulani awo a chaka chatha anathera mphamvu zonse pa chipinda chochezera, panja n'kungopaka mtundu wobiriwira.

Kwawo si kokoma kwa aliyense. Wosafuna kufotokoza pepala lake pagulu musam'kakamize.

3. Mfundo za m'mabuku zikhale zochepa, zonyamulika

Musadzaze semesita ndi zowerenga. Zinayi izi zikwanira kupita nazo kumudzi.

Yoyamba ndi ya Marc Fried. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 akuluakulu a mzinda wa Boston ku America anagumula dera la West End ponena kuti ndi lauve, anthu ake n'kumwazikana. Fried anawatsatira, ndipo mu 1963 analemba kuti ambiri anali ndi chisoni chofanana ndi cha ofedwa. Pafupifupi theka la amayi omwe anawafunsa anali adakali ndi chisoni chachikulu patapita nthawi yaitali. Sankalira makoma okha. Ankalira anansi, misewu yozolowera ndi malo ochezera.

Yachiwiri ndi ya Leila Scannell ndi Robert Gifford, omwe mu 2010 anagawa nkhani yodziphatika pa malo m'mbali zitatu. Kwa ophunzira muzisandutse mafunso: wadziphatika ndani, munthu mmodzi kapena mbumba yonse? Wadziphatika motani, mumtima, m'zokumbukira kapena m'zochita za tsiku ndi tsiku? Nanga chom'gwira pamalopo n'chiyani, nthaka ndi madzi kapena anthu ake?

Yachitatu ndi ya Jay Appleton, wa mu 1975, yakuti munthu amakonda kukhala pomwe akuona patali koma kumsana kwake kuli kotetezeka. Khonde lathu ndi limenelo: khoma kumbuyo, mthunzi pamwamba, njira yonse pamaso.

Yachinayi ndi ya Roger Ulrich, wa mu 1984. Anaunika mabuku a odwala ochitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, n'kupeza kuti omwe zenera lawo linayang'ana kumitengo ankatuluka msanga ndipo ankamwa mankhwala amphamvu opha ululu ochepa poyerekeza ndi omwe ankayang'anizana ndi khoma la njerwa. Iyi muisungire wophunzira amene akuganiza kuti zonsezi ndi zamaganizo chabe zosayezeka.

4. Lowani ndi odi

Yambirani ku khonsolo ya boma kwa bwanamkubwa, kenako kwa mfumu yaikulu ya deralo, a gulupu, a nyakwawa ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Kulumpha mmodzi mwa amenewa kudzakutayitsani nthawi yambiri kuposa yomwe mumafuna kupulumutsa.

Pamsonkhano woyamba nenani mosabisa kuti awa ndi ana asukulu, sanabwere ndi malata kapena simenti, ndipo palibe kalembera wa thandizo. Mubwereze kawiri. Anthu omwe anakhalapo m'kampu akaona alendo onyamula mapepala amayamba kuyankha zomwe akuganiza kuti zibweretsa thandizo, ndipo zonse zomwe mungalembe zikhala zopotoka.

Ophunzira muwapatse malamulo asanatsike basi. Chithunzi cha munthu kapena cha m'nyumba mwake chijambulidwa pokhapokha mwini wake atavomera, ndipo sichipita pa Facebook. Maina enieni salembedwa mu lipoti. Kumanda sapitako okha, ndipo komwe kuli dambwe sayandikirako kapena kufunsa za m'kati mwake. Pa mapu angolemba kuti msitu uwu sukhudzidwa. Atsikana atenge zitenje. Lachisanu masana musaike msonkhano, poti Nkhotakota ili ndi Asilamu ambiri ndipo nthawi imeneyo ali kumzikiti.

5. Akhale pansi, aone

Apa ndi pomwe pagona ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wophunzira wozolowera kujambula zithunzi 200 pa foni m'ola limodzi amavutika kukhala pamkeka tsiku lonse.

Agaweni awiriawiri, gulu lililonse khomo limodzi lomwe lavomera. Ayambe ayeza ndi tepi n'kujambula khomo lonselo, osati nyumba yokha: khitchini, bafa, chimbudzi, nkhokwe, khola, thandala, mitengo, mpanda wa tsekera, pomwe pali mtondo. Pepalalo alichulukitse. Kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo, mphindi 30 zilizonse atenge pepala latsopano n'kuikapo kadontho pomwe pali munthu aliyense, n'kulemba kuti ndi wamkulu kapena mwana, wamwamuna kapena wamkazi, akuchita chiyani, ali pamthunzi kapena padzuwa. Ajambulenso malire a mthunzi pa nthawiyo. Azisinthana kuti wina apumeko.

Madzulo akasanjika mapepalawo motsatana aona zomwe sakanazimva pofunsa. Nyumba zambiri za kugombe la Nkhotakota zimalandira dzuwa la m'mawa kuchokera kunyanja. M'mawa wa mu Julayi agogo amakhala kum'mawa kwa nyumba kuothera dzuwa atatsamira khoma. Mayi atulutsa chinangwa choviika m'mbiya, achifinya, achiyala pa thandala poyera pomwe dzuwa lifika tsiku lonse, koma pomwe akhoza kuchiona ali kukhitchini, chifukwa mbuzi ndi nkhuku sizichedwa. Dzuwa likafika pamutu mkeka usamukira pansi pa mango. Cha m'ma 3 koloko wasamukanso, ndipo madontho onse pa pepala asamuka nawo. M'nyumba mwenimweni mwina mwalowa munthu kukatenga ufa wa kondowole kapena kukagoneka khanda. Wophunzira awerenge yekha maola omwe banjalo lakhala m'kati mwa makoma dzuwa lili kunja, ayerekeze ndi malo omwe iye akanapereka ku chipinda chochezera.

Aphunzirenso kuwerenga zizindikiro zomwe anthu amasiya. Pomwe khoma lada ndi kusalala pa msinkhu wa msana, pamenepo pamakhala munthu tsiku lililonse. Mafuwa atatu akuda kuseri kwa khitchini akunena kuti nthawi yotentha kuphika kumatuluka panja. Kanjira koboola mpanda kolowera kunyumba yoyandikana nayo kakunena kuti makomo awiriwo ndi amodzi. Zenera lotsekedwa ndi katoni kapena njerwa lili ndi chifukwa chake: mphepo, udzudzu, akuba, kapena maso a odutsa.

Gulu limodzi muliike padooko. Lifike kusanache, pomwe mabwato ndi maboti ochokera kokagwira usipa ndi nyali akukocheza, amayi a mabeseni akudikira, mitengo ikukambidwa mofuula. Lione komwe usipa umayanikidwa, komwe makoka amasokedwa, mtengo womwe abambo amaseweramo bawo, ndi malo omwe amayi amachapira ndi kusamba, omwe amakhala otalikirana ndi a abambo ngakhale palibe chikwangwani. Kenako liyende ndi wotchi kuchokera padooko kufika pamalo omwe akuti mudzi usamukireko. Msodzi amene amanyamuka madzulo ndi kubwera mbandakucha atasenza injini kapena nkhafi sayeza mtunda ndi makilomita. Amafunsa ngati angaone bwato lake ali pakhomo, ndi amene angam'dzutse mwera ukayamba usiku.

6. Mapu a m'mutu, ndi funso lofunsa mukuyenda

M'zaka za m'ma 1950 Kevin Lynch anapempha anthu a ku Boston, Jersey City ndi Los Angeles kujambula mizinda yawo kuchokera m'mutu, n'kupeza kuti amagwiritsa ntchito zinthu zisanu: njira, malire, zigawo, malo okumanirana ndi zizindikiro zooneka. Ophunzira ayesere kaye njirayi pa boma la Nkhotakota. Apemphe woyendetsa kabaza, mayi wogulitsa mpunga, shehe, ndi mwana wa sekondale kuti aliyense ajambule tauniyo. Msewu wa M5 upezeka pa mapu onse. Kupitirira apo asiyana. Wina aikapo mkuyu womwe David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mtsogoleri wa Aswahili kumeneko, m'zaka za m'ma 1860. Wina aikapo tchalitchi cha All Saints komwe kunaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. Wina ayamba ndi mzikiti, wina akasupe a madzi otentha a Mawira, wina malo omwe chipani cha Malawi Congress chinachitira msonkhano wake waukulu mu 1960.

Pamenepa imani pang'ono ndi kalasi. Nkhotakota inali doko lalikulu la malonda a akapolo kuyambira pomwe Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Malo amodzi omwewo kwa wina ndi chiyambi cha chipembedzo chake ndi mtundu wake, kwa wina ndi pomwe makolo ake anakwezedwa m'chombo osabwereranso. Wojambula mapulani amene amaganiza kuti zokumbukira za malo ndi zokoma zokhazokha, kapena kuti anthu a dera limodzi amakumbukira chimodzimodzi, adzamvera gulu limodzi n'kukhumudwitsa lina osadziwa.

Kumudzi mapepala asiyeni m'chikwama. Mapu ajambulidwe pansi ndi kamtengo, phulusa, miyala ndi zitsononkho, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha. Mukawaphatikiza, mapu onse adzakhala a abambo atatu olankhula kwambiri. Ophunzira akopere zomwe zajambulidwa anthu atamaliza.

Kenako aliyense apemphe munthu mmodzi kuti ayende naye m'mudzimo. Funso lakuti mumakonda chiyani pamalo ano silibweretsa kanthu. Ayankha kuti zonse n'zabwino, kapena kuti mavuto okhaokha. Funso logwira ntchito ndi lokhudza kusamuka, ndipo kukambirana kwake kumayenda motere:

“Agogo, mutati musamukire kumtunda kuja, n'chiyani chomwe simungathe kusenza?”

“Iwe mwanawe, mango awa anabzala ndi mayi anga. Ndiwazule?”

“Nanga china, agogo?”

“Manda ali apo. Ndikafa mudzandinyamula pa galimoto ya yani? Komanso mwana wanga wamkazi nyumba yake ndi iyo. Ndikadwala usiku ndimangoitana.”

Wophunzira asathamangire funso lotsatira. Alembe mawuwo momwe anenedwera, aime pomwe agogowo aima, ayeze mtunda wa pakati pa zitseko ziwirizo. Mtunda woti mawu a nkhalamba yodwala n'kumveka usiku ndi muyeso wa pulani, wofunika ngati kutalika kwa chitseko.

Nkhani ya mbumba imafuna kuimvetsa bwino. M'midzi yambiri ya Achewa malo amayenda kuchikazi: mwamuna amabwera chikamwini, ana aakazi amamanga mozungulira mayi awo, ndipo mwinimbumba ndi malume. Kwina kuli chitengwa, ndipo kumpoto kwa bomali kuli Atonga ndi anthu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, choncho ophunzira afunse khomo ndi khomo m'malo mongoganizira. Ajambule mzere wa ubale pamwamba pa mapu a nyumba. Akatero aona okha chomwe chimawonongeka mapuloti akadulidwa m'mizere yofanana n'kugawidwa motsata mndandanda wa maina.

7. Yezani zomwe thupi limamva

Tengani zoyezera kutentha zotsika mtengo. Pa 2 koloko masana ndi pa 9 koloko usiku yezani m'nyumba ya malata yopanda siling'i, m'nyumba ya udzu, pakhonde ndi pansi pa mtengo. Mangani kansalu pa ndodo kuti muone komwe mphepo ikuchokera, ndipo funsani asodzi za mwera, mpoto ndi vuma, poti iwo amazidziwa kuposa buku lililonse. Lembani komwe utsi wa kukhitchini umapita, komwe fungo la nsomba zowamba ndi la chimbudzi limafika, ndi komwe adhana ndi belu la tchalitchi zimamvekera.

8. Sandutsani zoona kukhala malamulo a pulani

Masitudiyo ambiri amagwera pano. Ophunzira amabwerera kusukulu ndi zithunzi zokongola, amazimata pa bolodi loyamba, kenako pa bolodi lachiwiri n'kujambula nyumba yomwe anaiona pa intaneti asanapite n'komwe. Chotchinga chake ndi pepala la mizati itatu lomwe aliyense adzaze asanajambule: ndinaona chiyani, zikutanthauzanji, ndiye pulani ichite chiyani.

Mwachitsanzo: ndinaona kuti ana aakazi atatu amanga pafupi ndi mayi awo ndipo amaphikira pamodzi, kusamalana kwawo kumadalira kuonana ndi kumvana, ndiye malo agawidwe kwa mbumba osati kwa banja limodzilimodzi, zitseko ziyang'ane pabwalo limodzi, ndipo pasiyidwe mpata womangapo mdzukulu akadzakwatiwa. Kapena: ndinaona kuti mkeka umasamuka katatu patsiku kutsata mthunzi, ndiye khonde likhale mbali ziwiri, lotambalala mokwanira mkeka ndi munthu wodutsa, ndipo mitengo yomwe ilipo pamalo atsopanowo ilembedwe pa mapu thalakitala isanafike. Kapenanso: mudzi watsopano uli patali ndi madzi, ndiye padooko pamangidwe kanyumba kokwera kosungiramo injini ndi makoka, ndi pogona alonda. Lamulo lililonse likhale ndi nambala, ndipo nambalayo idzaoneke pa pulani yomaliza.

Musalole kuti izi zisanduke kutamanda chilichonse chakale. Khitchini yodzaza utsi imadwalitsa amayi ndi ana ngakhale anaizolowera. Chimbudzi chokumba mumchenga pafupi ndi madzi n'choopsa, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Dera lino lili m'chigwa cha zivomezi. Chivomezi cha mu 1989 chinagwetsa nyumba zambiri ku Salima, kotero khoma lililonse, la zidina kapena la njerwa, likufuna lamba wolimanga pamwamba. Ndipo komwe madzi adzabwerenso, kukonda malo sikungaletse madziwo. Ntchito ya wojambula ndi kupeza chomwe anthu akugwiritsitsa n'kuona momwe chingasamukire nawo, kapena momwe angamachifikire.

Chenjezo lina ndi la ophunzira okonda udzu ndi dothi chifukwa zimaoneka bwino pa chithunzi. Mayi amene wakhala akumweta udzu ndi kufolera chaka ndi chaka akanena kuti akufuna malata, akunena za ulemu wake ndi za msana wake. Mumvereni. Hassan Fathy anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor ku Egypt m'zaka za m'ma 1940, wa njerwa zadothi, wokongola mpaka lero ukuphunzitsidwa m'masukulu, koma anthu ambiri omwe anawamangira anakana kusamukiramo chifukwa moyo wawo unali pa phiri lomwe ankawachotsapo. Diébédo Francis Kéré, pomanga sukulu ya kwawo ku Gando ku Burkina Faso yomwe inatha mu 2001, sanakane malata: anawakweza pamwamba pa siling'i ya njerwa zadothi kuti mphepo izidutsa pakati, ndipo anthu a m'mudzimo ndiwo anamanga. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba.

Chitsanzo chapafupi chili pa chipatala cha boma ku Kasungu, komwe bungwe la MASS Design Group linajambula chidikiro chomwe chinatha mu 2015. M'malo mwa holo imodzi yaitali ya mabedi, anamanga tinyumba ting'onoting'ono tozungulira mabwalo, tokhala ndi madenga otambalala opereka mthunzi, chifukwa anaona kuti amayi oyembekezera ndi owadikirira amakhala panja tsiku lonse. Ngati thumba lilola, kalasi idutsireko. Kuchokera ku Nkhotakota msewu wake ulipo wodutsa m'nkhalango.

9. Pulani iyesedwe pansi

Anthu ambiri sawerenga pulani ya papepala, ndipo mwaulemu amangovomera. Bwererani kumudzi ndi zikhomo, chingwe ndi laimu. Lembani nyumbayo pansi pa kukula kwake kwenikweni, eni ake alowe pakhomo, ayale mkeka pomwe mwati ndi chipinda, aike mafuwa pomwe mwati ndi khitchini. Pamenepo mpomwe mudzamve kuti chitseko cha chimbudzi chayang'ana komwe apongozi amakhala, kapena kuti anyamata otha msinkhu sangagone khoma limodzi ndi makolo awo ndipo mphala yawo mwaiiwala. Za mudzi wonse umbani tinyumba tadothi tosunthika, anthu azisuntha okha. Wophunzira ntchito yake ikhale kulemba chomwe chasunthidwa ndi chifukwa chomwe chanenedwa. Itananinso mmisiri wa m'deralo kuti anene mtengo wake ndi zomwe sizingamangike ndi zipangizo zopezeka pafupi.

10. Malikisi

Ophunzira amalimbikira zomwe zili ndi malikisi. Mukapereka 90 pa 100 ku kukongola kwa zojambula, ulendo wa ku Nkhotakota adzauyesa kokaona nyanja. Ine ndingagawe motere: 25 ku umboni wa kumudzi, 25 ku momwe umboniwo waonekera mu pulani, 30 ku luso la kamangidwe ndi chitetezo, 10 ku zomwe wasintha atamva eni ake, 10 ku kaonetsedwe. Manambalawa mukhoza kuwasuntha, bola gawo lachiwirilo lisachepe.

Pa tsiku loonetsa ntchito, loza mzere uliwonse pa pulani ufunse kuti wachokera pati. Woyankha kuti unangooneka bwino wataya. Woyankha kuti ndi lamulo nambala 4, lochokera pa mapepala a Lachiwiri masana, wapeza. Pa gulu la oweruza pakhale anthu awiri kapena atatu a m'mudzimo, mmodzi akhale mayi, ndipo wophunzira afotokoze m'Chichewa. Zoyendera ndi chakudya chawo zilowe mu bajeti ya kosi kuyambira pachiyambi.

11. Kalasi ya chaka chamawa iyambire pomwe iyi yasiyira

Siyani makope a mapu ndi mapulani kwa a nyakwawa ndi ku khonsolo, ofotokozedwa m'Chichewa. Zambiri mwa zomwe ophunzira ajambula sizidzamangidwa, choncho kalasi yotsatira ikaunike zomwe ena anamanga kale m'deralo: nyumba za anthu osamutsidwa, shedi ya msika, malo a magadiyani pa chipatala chaching'ono. Njira ndi yomwe ija ya madontho ndi mthunzi, kuwonjezapo pulani yoyambirira m'manja. Alembe chipinda chilichonse chomwe chasintha ntchito, khonde lililonse lowonjezeredwa ndi eni ake, khitchini yomwe yamangidwa kuseri, mabenchi a msika omwe ali opanda munthu pomwe ogulitsa ayala pansi kunja kwa geti, ndi nyumba zomwe zili ndi loko pomwe eni ake ali kugombe. Mapepala amenewa asungidwe ku dipatimenti mu fayilo imodzi ya mudziwo, yolembedwa chaka ndi mwezi, kuti mphunzitsi wina akadzatenga kosiyi asadzayambirenso kufunsa agogo omwewo mafunso omwewo.